Kadzidzi wa siliva: chidindo chomwe chinkayendetsa misika ya Agiriki

Kasitomala akapereka K5 000 yatsopano pa benchi ya tomato madzulo, wogulitsa sathamangira kupereka chenje. Amayamba waikweza m'mwamba, kuiyang'ana pa kuwala, kuisisita ndi chala, kenako n'kuiponya m'chikwama cha m'chiuno. Akufuna kudziwa ngati chithunzi chili papepalapo chikunena zoona. Nkhawa yomweyi inkawagwira ogulitsa nsomba, tirigu ndi mafuta pa doko la Piraeus, m'dziko la Greece, zaka 2 400 zapitazo. Ndalama zawo zidali za siliva, ndipo chomwe ankachiyang'anitsitsa chidali kambalame ka maso akuluakulu: kadzidzi.

Ndalama zachitsulo zisadabwere, wogula katundu wambiri ankalipira ndi zibenthu za siliva. Wogulitsa ankatulutsa sikelo, n'kuyamba kukangana ndi wogula za kulemera kwake, akatero n'kukangananso ngati silivayo ndi weniweni kapena wosakaniza ndi mtovu. Zidasintha cha m'ma 600 BC (zaka za nthawi imeneyo zimawerengedwa chotsika, kotero 600 BC ndi kale kuposa 400 BC). Mafumu a ku Lydia, dera lomwe lero lili kumadzulo kwa dziko la Turkey, adayamba kudula chitsulo m'timibulu tolemera mofanana n'kudindapo mutu wa mkango. Chitsulocho chidali golide wosakanikirana ndi siliva, mpaka mfumu Croesus, yomwe idalowa ufumu cha m'ma 560 BC, idalekanitsa ziwirizi, ndalama za golide pazokha, za siliva pazokha. Uthenga wa chidindocho udali woti kambulu aka kayezedwa kale, mwini chidindo akuikira umboni. Agiriki oyandikana ndi Lydia adatengera nzeruyi, ndipo ambiri mwa iwo adasankha siliva.

Ntchito yake idali ya manja. Mmisiri ankagoba zithunzi pa zitsulo ziwiri zolimba. Chimodzi ankachikhazika pansi, n'kuikapo kambulu ka siliva koyezedwa kale, kusanjikapo chitsulo chachiwiri, kenako kumenya ndi hamala. N'chifukwa chake ndalama zakale za Agiriki sizozungulira bwino, pa zina chithunzi chidapendekeka, zina zidang'aluka m'mphepete. Pamsika zimenezo sizidali nkhani bola kulemera kuli kokwana.

Nthawi imeneyo Greece silidali dziko limodzi la boma limodzi. Idali mizinda mazanamazana yodzilamulira yokha, yomwazikana kuchokera ku Sicily ndi kummwera kwa Italy mpaka ku gombe la Turkey ndi la Libya. Mzinda uliwonse wodziyenereza unkasula ndalama zake, za chithunzi chake, ndiponso za kulemera kwake. Apa ndi pomwe wamalonda wogona ankagwa nayo.

Mizinda yambiri inkatchula ndalama yake ndi dzina limodzi, drachma. Koma drachma ya ku Athens inkalemera magalamu 4.3, ya ku chilumba cha Aegina magalamu 6 ndi kakobo pamwamba, pomwe ya ku Corinth siinkafika ngakhale magalamu atatu. Aliyense yemwe adapikulapo chimanga akudziwa kuti ndowa zimasiyana: ina ndi yofutukula m'mimba, ina ndi yomenyedwa kunsi, koma zonse zimatchedwa ndowa. Osintha ndalama ankawerengera kuti madrachma 70 a ku Aegina ndi ofanana ndi madrachma 100 a ku Athens. Choncho munthu wogwirizana mtengo wa madrachma 100 akuganizira za ku Aegina, n'kulipidwa za ku Athens, adali atataya magawo atatu pa magawo khumi alionse a siliva wake, iye akumwetulira kuti wagulitsa. Ambiri sankadziwa kuwerenga, ndipo ndalama zoyambirira zidalibe nambala yosonyeza mtengo wake. Chithunzi ndicho chinkamuuza wamalonda komwe ndalama yachokera, ndipo akadziwa komwe yachokera ankadziwa kulemera kwake. Akaona kamba, ndiye Aegina, magalamu 12. Akaona kavalo wamapiko wotchedwa Pegasus, ndiye Corinth, magalamu 8.6. Akaona kadzidzi wamkulu, ndiye Athens, magalamu 17. Ndalamazi zinkatchedwa ndi mayina a nyamazo: akamba, ana a kavalo, akadzidzi.

Mizinda ina idasandutsa ndalama zake chikwangwani cha katundu wake. Metapontum, mzinda wa alimi kummwera kwa Italy, udadinda ngala ya barele yogobedwa bwino mpaka munthu kutha kuwerenga njere zake, ndipo pa ndalama zina amisiri adaikapo chiwala kapena mbewa pambali pa ngalayo, adani omwe mlimi aliyense amawadziwa. Mende, mzinda wotchuka ndi vinyo, udadinda mulungu wa vinyo Dionysus atagona chagada pamsana pa bulu, chikho chili m'manja. Chilumba cha Chios chidaika mtsuko wa vinyo. Woyendetsa chombo yemwe adalandira ndalama yotere ku doko lakutali sankafunikanso kufunsa komwe angapikule vinyo kapena barele.

Nkhani ya mzinda wa Cyrene, ku Libya, ndi yomvetsa chisoni pang'ono. Chuma chake chidagona pa chomera chakutchire chotchedwa silphium, chomwe anthu ankathira m'zakudya komanso kupangira mankhwala. Chidali chodula, chinkamera m'dera lokhalo, ndipo sichinkalola kulimidwa m'munda. A ku Cyrene adachidinda pa ndalama zawo kwa zaka mazana. Pofika nthawi ya Aroma chidali chitasowa, ndipo mlembi wachiroma Pliny adalemba kuti phesi limodzi lokha lomwe lidapezeka m'masiku ake adalitumiza kwa mfumu Nero ngati chinthu chodabwitsa. Maonekedwe a chomerachi lero amadziwika makamaka kuchokera pa ndalamazo.

Ena ankangoseweretsa dzina. Chilumba cha Rhodes chidadinda duwa la rozi chifukwa m'Chigiriki duwali ndi rhodon. Mzinda wa Selinus ku Sicily udadinda tsamba la chomera chotchedwa selinon. Wosadziwa kuwerenga akangotchula chomwe akuona, watchula kale dzina la mzinda.

Akamba a ku Aegina ndiwo adayamba kutchuka, kuyambira cha m'ma 550 BC. Aegina ndi kachilumba ka miyala, kopanda minda yokwanira, ndipo anthu ake ankadalira zombo ndi malonda. Kamba wawo adali wa m'nyanja, wa zipsepse zosambirira. Cha m'ma 457 BC mzinda wa Athens udagonjetsa Aegina n'kuulanda zombo zake zankhondo, ndipo cha m'nyengo yomweyo kamba wa pa ndalama adasintha, adakhala wa kumtunda, wa miyendo ndi chigoba cha mabokosimabokosi. Akatswiri ambiri amawerenga kusinthaku ngati chizindikiro choti chilumbachi chidali chitataya mphamvu zake pa nyanja.

Koma mfumu ya ndalama zonsezi adali kadzidzi. Kuno ku Malawi kadzidzi akalira pa denga, m'nyumbamo anthu sagona tulo, ndipo palibe angamujambule pa khomo la golosale. Ku Athens zidali zosiyana. Kadzidzi wamng'ono wa kumeneko adali mbalame ya Athena, mulungu wamkazi wa nzeru yemwenso ankatengedwa ngati mlonda wa mzindawo. Mbalame yoona mumdima pomwe ena sakuona kanthu inkaimira kuchenjera. Mbali imodzi ya ndalamayi idali ndi mutu wa Athena atavala chisoti chankhondo. Mbali inayo kudali kadzidzi ataima chammbali koma nkhope ikuyang'ana mwini ndalama, kumbuyo kwake kanthambi ka azitona, mtengo womwe mafuta ake Athens ankagulitsa kunja, ndi zilembo zitatu zoyambirira za mawu otanthauza kuti "ya anthu a ku Athens". Nkhondo yolimbana ndi Aperisi itatha adawonjezapo kamwezi kakang'ono ndi masamba a azitona pa chisoti. Ndalamayi inkatchedwa tetradrachm, kutanthauza madrachma anayi. Idali yochindikala, kukula kwake ngati chitsekerero cha botolo la zakumwa, kulemera kwake ngati supuni yaikulu ya mchere.

Athens adayamba kusula akadzidzi cha m'ma 510 BC. Isadafike nthawiyo mzindawu unkasinthasintha zithunzi, lero kavalo, mawa gudumu, mkuja mtsuko, ndipo ndalama zimenezo sizinkapita patali. Atakhazikika pa chithunzi chimodzi, ndalama yawo idayamba kufika ku Egypt, ku Syria, ku Sicily ndi kupitirira.

Chithunzi pachokha sichikadakwanitsa zimenezo. Kumbuyo kwake kudali migodi ya Laurion, makilomita pafupifupi 60 kuchokera mumzinda, komwe ankakumba miyala ya mtovu yokhala ndi siliva mkati, n'kuisungunula mpaka siliva atatsala yekha. Akadzidzi omwe akatswiri adawayeza masiku ano amapezeka kuti siliva wake amaposa magawo 95 pa 100 alionse. Okumbawo adali akapolo zikwizikwi, okwawa m'mauna opapatiza ndi nyale za mafuta, ndipo palibe ndalama yomwe idajambulidwapo nkhope zawo. Mu 483 BC migodiyi idatulutsa siliva wochuluka mosayembekezereka. Mlembi wa mbiri Herodotus akusimba kuti anthu ankafuna kugawana, aliyense madrachma 10, koma mtsogoleri wina, Themistocles, adawanyengerera kuti ndalamazo apangire zombo zankhondo 200. Patangotha zaka zitatu, mu 480 BC, zombozo ndizo zidathyola gulu lankhondo la Aperisi pa Salamis. Madrachma 10 akadatha mwezi usadathe. Ndi mkangano womwe uli m'nyumba ya wageni aliyense tsiku lomwe malonda ayenda bwino: tidye kapena tiwonjezere mpamba.

Kadzidzi mmodzi idali ndalama yaikulu. Zolembedwa pa miyala zikusonyeza kuti amisiri omwe ankamanga kachisi wa Erechtheion ku Athens cha m'ma 408 BC ankalandira drachma imodzi patsiku, kotero tetradrachm adali malipiro a masiku anayi. Ndiwo za tsiku ndi tsiku ankagulira timakobidi ting'onoting'ono. Drachma inkagawidwa m'maobol asanu ndi limodzi, obol iliyonse yosafika galamu imodzi, ndipo padali tina tocheperapo, tonga njere ya mphodza. Zovala zawo zidalibe matumba, ndiye popita kumsika anthu ankasunga timakobiditi m'kamwa. Za mitengo: muyeso wa tirigu wotchedwa medimnos, malita pafupifupi 52, kapena kuti ndowa ziwiri ndi theka za malita 20, unkagulidwa madrachma asanu zinthu zikakhala bwino. M'chaka china cha njala cha m'ma 330 BC udakwera kufika madrachma 16. Nkhani ya tirigu wokwera katatu siyachilendo kwa yemwe adagulapo chimanga mu Febuluwale.

Chochititsa chidwi n'choti Athens, mzinda wa amisiri omwe adamanga Parthenon ndi kusema ziboliboli zooneka ngati zikupuma, udakana kukongoletsa ndalama yake. Kwa nthawi yaitali Athena wa pa ndalama adakhalabe wachikalekale, nkhope ikuyang'ana kumbali koma diso lojambulidwa ngati likuyang'ana kutsogolo. Ku Syracuse, ku Sicily, cha m'ma 400 BC amisiri monga Kimon ndi Euainetos ankagoba ndalama zokongola mpaka kulembapo mayina awo: ngolo yokokedwa ndi akavalo anayi ili pa liwiro, kuseri kwake nkhope ya mkazi tsitsi lili lopotanapotana, nyama za m'nyanja zotchedwa dolphin zikumuzungulira. Ndalama za Syracuse zimaposa kadzidzi kukongola, pamenepo palibe mkangano. Koma yomwe wamalonda wa ku Egypt kapena ku Arabia ankailandira osafunsa kawiri idali ya ku Athens, ndipo a ku Athens ankadziwa kuti kusintha nkhope yake kukadangodzutsa mafunso. Mayi wogulitsa mandasi m'beseni lofiira pa kona imodzi kwa zaka khumi amadziwa zomwe zimachitika tsiku lomwe wabwera ndi beseni lina n'kukhala pena: makasitomala ake omwe amamudutsa.

Sikuti onse ankangokhulupirira chidindo. Mu 1969 ku Asyut, ku Egypt, kudapezeka ndalama zasiliva zachigiriki pafupifupi 900 zomwe zidakwiriridwa cha m'ma 475 BC, zochokera m'mizinda yambirimbiri. Zochuluka mwa izo zili ndi mabala a tchizulo. Amalonda a kumeneko ankatema ndalama kuti aone ngati mkati mwake ndi moyera ngati kunja, poti akathyali adali atatulukira kale njira yokuta mkuwa ndi kachikopa ka siliva. Kutchuka kwa kadzidzi kudabalanso omutsanzira. Olamulira a ku Egypt, ku Palestine, ku Arabia mpaka ku Afghanistan ya lero ankasula akadzidzi awoawo, ambiri a siliva wabwino ndithu, chifukwa asilikali aganyu ndi amalonda ankafuna kulipidwa ndi chithunzi chomwe akuchidziwa.

Tsiku loti Athens iwononge yokha dzina la ndalama yake lidafika ndi nkhondo. Kuyambira 431 BC mzindawu udali pa nkhondo ndi Sparta. Mu 413 BC Asparta adamanga msasa pa Decelea, pafupi ndi mzinda, ndipo mlembi Thucydides akuti akapolo oposa 20 000 adathawa. Ntchito ku migodi idalowa pansi. Pofika 407 BC boma lidasungunula ziboliboli za golide za m'kachisi kuti lipeze ndalama, ndipo chaka chotsatira lidachita chomwe akathyali ankachita: lidatulutsa ndalama za mkuwa zokutidwa ndi siliva, kadzidzi yemweyo ali pamwamba. Anthu sadapusitsike. Mu 405 BC mlembi wa masewero oseketsa Aristophanes adanyogodola pa bwalo kuti mzindawu wataya ndalama zake zabwino n'kumagwiritsa ntchito timikuwa toipa, monga momwe udatayira anthu abwino n'kusankha atsogoleri achabechabe. Wokhala ndi kadzidzi weniweni ankamubisa, n'kumagulira wa mkuwayo.

Pomwe siliva adabwerera, wolira adali wageni. M'sewero lina la Aristophanes la cha m'ma 391 BC muli bambo yemwe akudandaula kuti adagulitsa mphesa zake, n'kudzaza makobidi a mkuwa m'kamwa, ulendo kukagula ufa. Akungotsegula thumba kuti amuthirire, wolengeza wa boma adafuula kuti kuyambira pamenepo mkuwa usalandiridwenso, ndalama ndi siliva basi. Owonerera adaseka, koma malonda a tsiku lonse a bamboyo adali atasanduka zitsulo wamba.

Chikaiko chitalowa mumsika sichidatuluke msanga. Ogulitsa ena adayamba kukana ngakhale akadzidzi abwino. Mu 375 BC mzindawu udakhazikitsa lamulo lomwe adabweretsa munthu wotchedwa Nikophon, ndipo mwala womwe lidalembedwapo udafukulidwa pa msika wakale wa Athens mu 1970. Lamuloli lidati pakhale woyeza ndalama wa boma, yemwe adali kapolo wa mzinda, azikhala tsiku ndi tsiku pakati pa matebulo a osintha ndalama. (Liwu la Chigiriki la tebulo, trapeza, ndi lomwe mpaka lero limatanthauza banki ku Greece.) Wogula ndi wogulitsa akasemphana pa ndalama, ankapita nayo kwa iyeyo. Ikakhala ya ku Athens yeniyeni, iyende. Ikakhala yosulidwa kunja motsanzira kadzidzi koma siliva wake ndi wabwino, ibwezedwe kwa mwini wake. Ikapezeka kuti mkati muli mkuwa kapena mtovu, idulidwe pomwepo, ilandidwe, ikaperekedwe kwa mulungu wamkazi yemwe ankamutcha Mayi wa milungu, isabwererenso mumsika.

Lamuloli linkaluma mbali zonse. Wogulitsa wokana ndalama yomwe woyeza waivomereza ankalandidwa katundu yense yemwe wayala tsiku limenelo, ndipo wokamuneneza ankalandira theka. Wogulitsayo akakhala kapolo, wamwamuna kapena wamkazi, ankakwapulidwa zikoti 50. Woyezayo naye akajomba pa tebulo lake kapena akayeza mokondera, zikoti 50 zomwezo zinkamudikira. Lamuloli lidalamulanso kuti ku Piraeus kuikidwe woyeza wachiwiri wothandiza eni zombo ndi opikula katundu wakunja. Chilango cholanda katundu wa tsiku lonse n'chowawa kwa munthu wa kampamba kochepa, koma ubwino wa dongosololi ndi woonekeratu: mayi wogulitsa nkhuyu sankasiyidwa yekha kuti aganize ngati ndalama ili m'manja mwake ndi yeniyeni. Padali munthu woti n'kumufunsa, pa malo odziwika, msika uli mkati. Mzindawu udalinso ndi akuluakulu khumi oyang'anira misika ndi ena khumi oyendera miyeso ndi masikelo, asanu mumzinda, asanu ku doko.

M'zaka zonsezi mizinda ya Agiriki siinkakonda kudinda nkhope ya munthu wamoyo pa ndalama. Malo amenewo adali a milungu. Ngakhale Alexander wa ku Macedonia, yemwe adalanda chuma cha Aperisi n'kusula ndalama zosawerengeka, pa siliva wake adaika Herakles atavala chikopa cha mkango, kuseri Zeus atakhala pa mpando ndi chiwombankhanga padzanja. Kulemera kwake adatengera kwa kadzidzi, magalamu 17, poti ndi komwe misika idazolowera. Iye atamwalira mu 323 BC mizinda yambiri idapitiriza kusula ndalama za dzina lake kwa zaka zoposa 200, pa chifukwa chomwe chija: amalonda ankazilandira. Akazembe ake omwe adagawana ufumu, monga Ptolemy wa ku Egypt, ndiwo adazoloweretsa anthu kuona nkhope ya wolamulira wamoyo pa ndalama.

Dzina loti drachma lidakhalitsa kuposa onsewa. Mu fanizo la pa Luka 15 la mayi wosesa nyumba kufunafuna ndalama yake imodzi mwa khumi, liwu lomwe lili m'Chigiriki ndi drachma, ndipo poti idali ndalama yoyandikira malipiro a tsiku lathunthu, kuyatsa nyale ndi kuitana anzake kudali koyenera. Dziko la Greece lamakono lidagwiritsa ntchito drachma mpaka lidalowa mu euro. Pa ndalama yachitsulo ya euro imodzi yomwe Greece idayamba kugwiritsa ntchito mu 2002 adajambulapo tetradrachm yakale yonse, m'mphepete mwake mokhotakhota momwe, kadzidzi ali pakati, kanthambi ka azitona ndi kamwezi zili kumbuyo kwake.